Mphatso za Khirisimasi Zochokera mu Thumba la Tizidutswa

Aliyense amene amasoka ali ndi thumba kapena bokosi limene amaponyamo zotsala: kachidutswa kotsala podula diresi, zipi yochotsedwa pa siketi yong'ambika, mabatani osafanana, riboni wamfupi, lasitiki, mikanda, ulusi umene wangotsala pang'ono. Mtima sulola kutaya, koma chaka chimatha thumbalo osalimasula. Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano zikamayandikira, thumba lomweli lingakutulutsireni mphatso za abale ndi anzanu popanda kugula nsalu ina ngakhale mita imodzi.

Ndinene poyamba chimene ndimachigwiritsitsa pa nkhaniyi. Wolandira mphatso asamaone ngati mwamupatsa chifukwa munasowa kotayira. Mphatso yotere imapeza ulemu pa zinthu zitatu: kusankha bwino tizidutswa, kusita msoko uliwonse mukangousoka, ndi kumaliza mwaudongo m'kati momwe maso safikamo msanga. Zonse zimene zikutsatirazi zatsamira pamenepo.

Khutulani thumba lonse

Musayambe ndi kuganiza chimene mukufuna kusoka. Yambani ndi kuona chimene muli nacho, chifukwa tizidutswa ndi timene tikuuzeni mphatso zimene zingatuluke. Khutulani zonse pa tebulo masana kukuwala bwino, popeza kuwala kwa nyale kumanamiza mitundu.

Siyanitsani nsalu potengera chimene anaipangira. Ya thonje ikhale payokha, ya poliyesitala ndi nayiloni payokha, yokhuthala ngati jinzi payokha, ndipo yotamuka ngati ya matisheti muiike patali ndithu. Nsalu yotamuka ikalumikizidwa ndi yosatamuka msoko umakwinyata, ndipo ngakhale musite bwanji sugona.

Ngati simukudziwa kuti kachidutswa ndi ka thonje kapena ayi, moto ukuuzani. Dulani kachibenthu kakang'ono ngati chikhadabo, kagwireni ndi chopanira chachitsulo pamwamba pa mbale yachitsulo, madzi ali pafupi, ndipo kayatseni. Thonje limayaka msanga, limanunkha ngati pepala lopsa ndipo limasiya phulusa lofewa lotuwa. Poliyesitala imathawa moto, imasungunuka, kenako imauma n'kukhala kampira kolimba kakuda. Ubweya wa nkhosa umanunkha ngati tsitsi lopsa ndipo kawirikawiri umazima wokha. Kuyesaku n'kofunika kwambiri mukadzafika posoka chogwirira zinthu zotentha.

Mukatero, siyanitsaninso potengera kukula. Zidutswa zoposa masentimita 25 mbali zonse ndi chuma chanu chachikulu, muzisungire m'kati mwa zikwama ndi kuseri kwa zinthu. Zapakati, zokula ngati chikhatho, ndi zolumikiza. Timizere titalititali tikhale tokha. Tinyenyeswa tosasokeka musataye, tidzalowa m'kati mwa kapilo kobayapo masingano.

Zida zina nazo ziyesedwe. Ulusi wokhalitsa umafooka, makamaka ngati unkaombedwa ndi dzuwa: ukokeni ndi manja awiri, ukaduka mosavuta usapite pa msoko wonyamula katundu. Lasitiki mumukoke n'kumusiya. Akapanda kubwerera, kapena akamveka kuthetheka m'kati, ntchito yake inatha. Zipi iliyonse muitsegule ndi kuitseka kangapo. Yolimba poyenda imafewa mukapaka kandulo kapena nsonga ya pensulo pa mano ake, koma yoguluka mano itayeni.

Chapani, sitani, kenako dulani

Ambiri amadumpha apa chifukwa cha changu, n'kudzadandaula mphatso itachapidwa koyamba. Nsalu ya thonje imabwerera ikakumana ndi madzi koyamba. Mukalumikiza yatsopano ndi ina yochapidwa kale, imodzi idzabwerera inzake ili chomwecho, ndipo chikwama chidzapotoka. Vuto lina ndi kusuluka. Nsalu zofiira, zakuda ndi zabuluu woderako ndi zimene zimakonda kutaya utoto. Nyowetsani kachidutswa, kaikeni pa nsalu yoyera, kasiteni ndi simbi yotentha. Yoyerayo ikatenga mtundu, kachidutswako kasayandikane ndi nsalu zowala.

Tizidutswa tating'ono tichapidwe pamanja m'madzi ofunda, osatikitita kwambiri kuopa kuti tingayoyoke m'mphepete. Tikatsala pang'ono kuuma, tisiteni. Thonje limafuna simbi yotentha kwambiri, pamene poliyesitala imafuna moto wochepa, apo ayi imanyezimira kapena kumata pa simbi.

Musanadule, kokani kachidutswa mbali zosiyanasiyana. Nsalu yowombedwa, monga chitenje, ili ndi ulusi woyenda m'litali ndi wina wopingasa, ndipo mukakoka motsatira ulusiwo sitamuka kwenikweni. Mukakoka kuchokera pa kona kupita pa kona ina, imatamuka. Dulani motsatira ulusi kuti zidutswa zanu zisapindike posoka.

Lembani mayina

Tengani pepala, lembani amene mukufuna kuwapatsa, ndipo pambali pa dzina lililonse lembani chimene munthuyo amagwira m'manja tsiku ndi tsiku. Wa pasukulu amanyamula zolembera. Woyendayenda amasowa mosungira chaja ndi mankhwala. Wokonda kuphika amapsa zala. Wowerenga mabuku amapinda masamba. Mphatso imene yalowa m'ntchito ya munthu imagwiritsidwa ntchito mpaka kutha, pomwe chokongoletsa chopanda ntchito chimangokhalira fumbi.

Sankhani mitundu iwiri kapena itatu yokha ya mphatso, n'kuibwereza. Kachikwama kachitatu kamatuluka bwino ndiponso msanga kuposa koyamba, chifukwa manja amakhala ataphunzira.

Kusandutsa tizidutswa kukhala nsalu imodzi

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, ndipo mukapadziwa, china chilichonse chimaphweka. Cholinga ndi kupanga nsalu yaikulu kuchokera ku tating'onoting'ono, imene kenako muidule ngati nsalu ina iliyonse.

Njira imene ndimaikonda ndi yosokera pa nsalu ya maziko. Tengani nsalu yopyapyala yosafunika, monga shiti ya pabedi yakale, muidule kukula kwa chimene mukufuna n'kuonjezera masentimita 2 mbali zonse. Imeneyi sidzaoneka, ntchito yake ndi kugwira tizidutswa kuti tisatamuke, ndipo ndi chifukwa chake njirayi imalola ngakhale tizidutswa todulidwa mokhota.

Nsalu ili ndi mbali ziwiri, kumaso kumene kuli maluwa owala ndi kuseri. Ikani kachidutswa koyamba pakati pa maziko, kumaso kukuyang'ana kumwamba. Kabwino ndi ka mbali zisanu zosafanana. Tengani kachiwiri, kavundikireni pa koyambako kuti kumaso kuyang'anizane, m'mphepete mulingane mbali imodzi. Sokani mzere wowongoka pa mbaliyo, mamilimita 6 kuchokera m'mphepete, singano ikubowola tizidutswa tiwiri ndi maziko omwe. Kenako tambasulani kachiwiriko kuti kumaso kuonekere, n'kusita kuti kagone. Kachitatu kavundikireni pa mbali yotsatira, kaphimbe m'mphepete mwa koyamba ndi mwa kachiwiri, sokani, tambasulani, sitani. Pitirizani chozungulira mpaka maziko onse ataphimbika. Nsalu yotsalira pansi pa msoko muziidula musanatambasule kuti pasachindikale. Pomaliza tembenuzani, mudule m'mbali motsatira muyeso wanu.

Kusita kumene ndikukubwerezaku musakuone ngati kutaya nthawi. Simbi ikhale pambali pa makina, yoyaka. Ndipo posita msoko, ikani simbi, dinikizani, nyamulani. Mukamaikhwekhwereza uku ndi uku mumakoka nsalu n'kupotoza mizere. Msoko wosasitidwa umabisa kankhwinya kamene kamadzaonekera chinthu chitatha, pamene simungathenso kukonza.

Pa mitundu, mantha ambiri ndi akuti zisakanikirana ngati zongotola. Njira yothetsera ndi kusankha mtundu umodzi wolamulira, tinene wabuluu, n'kutola tizidutswa tonse tokhala ndi buluu penapake, kenako kuonjezera kamodzi kapena tiwiri ta mtundu wotsutsana nawo monga wachikasu. Pakati pa tizidutswa ta maluwa ambiri muziika kopanda maluwa kuti diso lipume. Ngati mukukayika, yalani tizidutswa musanasoke, tijambuleni ndi foni, chithunzicho muchisandutse chakuda ndi choyera. Mukaona zonse zikuoneka zotuwa mofanana, ndiye kuti mukusowa kowala kwambiri kapena koderako kwambiri.

Luso limeneli si lachilendo padziko. Ku America linatchuka kwambiri m'zaka za m'ma 1880 ndi dzina loti crazy quilt, ndipo osoka ankakongoletsa misoko yake ndi ulusi wopeta. Kumpoto kwa Japan, kumene thonje silinkamera chifukwa cha kuzizira, mabanja ankagamba zovala ndi zofunda chigamba pa chigamba kwa mibadwo, ndipo nsalu zimenezo, zotchedwa boro, lero zimasungidwa m'nyumba zoonetsera zinthu zakale. Choncho musachite manyazi ndi zigamba.

Amene ali ndi timizere tambiri angachite chimodzimodzi: mzere woyamba ugone chopingasa kuchokera pa kona kupita pa kona ina ya maziko, ina izitsatira uku ndi uku. Zimathamanga kwambiri ndipo zimaoneka zaudongo.

Kachikwama ka zipi

Iyi ndi mphatso imene imakomera aliyense, mwamuna kaya mkazi, mwana kaya wamkulu. Anthu amaopa zipi, koma njira iyi ndi ya mizere yowongoka yokhayokha.

Pa zipi ya masentimita 20, dulani nsalu zinayi za masentimita 22 m'litali ndi 16 m'lifupi: ziwiri zakunja kuchokera ku nsalu yanu yolumikiza ija, ziwiri zam'kati kuchokera ku nsalu yopepuka, makamaka yowala kuti mwini wake aziona zimene zili m'katimo. Zipi ikatalika palibe vuto ngati mano ake ndi a nayiloni: sokani mobwerezabwereza chopingasa pamene mukufuna ithere, n'kudula yotsalayo. Ya mano achitsulo musaipondetse singano, ithyoka.

Yalani nsalu yakunja imodzi, kumaso kumwamba. Ikani zipi m'mphepete mwa mbali yaitali, kumaso kwa zipi kukuyang'ana pansi. Pamwamba pake vundikirani nsalu yam'kati, kumaso pansi. Zipi tsopano yabisika pakati. Gwirizitsani ndi mapini, kapena dutsitsani msoko wamanja wotalikirana ngati ndi koyamba. Sokani pafupifupi mamilimita 7 kuchokera m'mphepete, pogwiritsa ntchito phazi lopyapyala losokera zipi ngati makina anu ali nalo. Mukayandikira kamutu ka zipi, imani singano ili pansi, kwezani phazi, kankhirani kamutuko kumbuyo, mupitirize. Mukapanda kutero mzere umakhota pamenepo.

Pindani nsalu ziwirizo kuti zichoke pa zipi, sitani, ndipo sokani mzere pamwamba, mamilimita 2 kapena 3 kuchokera pa mpindiro. Mzere umenewu ndi umene umaletsa nsalu yam'kati kulumidwa ndi zipi. Chitani zomwezo mbali inayo ya zipi ndi nsalu ziwiri zotsalazo.

Tsopano tsegulani zipi kupitirira theka. Musaiwale zimenezi, chifukwa mukasoka zipi ili yotseka mudzasowa potembenuzira. Kumanitsani nsalu zakunja ziwiri kumaso ndi kumaso, zam'kati nazonso chimodzimodzi, ndipo pamene zikukumana pa zipi, mano a zipi apendekere ku nsalu zam'kati. Sokani kuzungulira konse, sentimita 1 kuchokera m'mphepete, koma pansi pa nsalu zam'kati siyani mpata wa masentimita 8. Podutsa pa zipi yendetsani makina ndi dzanja pang'onopang'ono.

Dulani nsonga za makona anayi chopingasa, osafika pa ulusi. Lowetsani dzanja pa mpata uja, mudutse pa zipi, mukoke nsalu yakunja kuti zonse zitembenuke. Makona muwatulutse ndi chinthu chobuntha ngati kumbuyo kwa pensulo, osati sizasi, imabowola. Pindani m'mphepete mwa mpata, sokani, lowetsani nsalu yam'kati m'malo mwake, sitani.

Mukafuna kuti kachikwamako kaziima kokha, musanatembenuze tsinani kona iliyonse ya pansi kuti msoko wam'mbali ugone pa msoko wa pansi, sokani chopingasa mzere wa masentimita 4, n'kudula nsongayo. Pa kamutu ka zipi mangirirani kariboni kapena mikanda itatu, ndi pamene totsala tating'ono timapeza ntchito.

Kathumba kokoka ndi chingwe

Aka n'kosavuta kuposa ka zipi, ndipo kamagwira ntchito ziwiri: ndi mphatso pakokha, komanso ndi chokulungira mphatso ina m'malo mwa pepala longong'amba n'kutaya.

Dulani nsalu ya masentimita 22 ndi 56. M'mphepete mwa mbali ziwiri zazitali dutsitsani zigizagi kuti musayoyoke. Ku mapeto onse awiri, pindani mbali zazitalizo sentimita 1 chakuseri pa mtunda wa masentimita 7, n'kusoka. Kenako pindani mapetowo sentimita 1, mupindenso masentimita 3, sitani, sokani m'munsi mwa mpindirowo. Mwapanga tinjira tiwiri ta chingwe. Pindani nsalu yonse pakati kumaso ndi kumaso, sokani mbali ziwiri kuchokera pansi mpaka m'munsi mwa kanjira, osakatseka. Pamenepo bwererani m'mbuyo kangapo chifukwa ndi pamene pamakokeka kwambiri.

Mufunika zingwe ziwiri za masentimita 60. Riboni, chingwe cha nsapato chochapa bwino, ulusi wolukira wopota patatu, zonse zimatheka. Nsalu ya tisheti yakale mukaidula chopingasa m'timizere ta masentimita 3 n'kutikoka, timadzikulunga tokha n'kukhala chingwe chofewa chosayoyoka. Ndi sefetipini, lowetsani chingwe choyamba kuchokera kumanja, chizungulire tinjira tonse tiwiri n'kutulukira kumanja komweko, mumange. Chachiwiri chiyambire kumanzere. Mukakoka zonse ziwiri, kathumba kamatseka.

Chogwirira zotentha

Pano musanyengerere: nsalu, zam'kati ndi ulusi, zonse zikhale za thonje. Poliyesitala ikakhudza chitsulo chotentha imasungunuka n'kumata pa khungu, ndipo mphatso yanu ingavulaze munthu amene mumamukonda. Ngati nsalu ya maziko ija inali yosakaniza, musaigwiritse ntchito pano.

Dulani nsalu ziwiri za masentimita 22 mbali zonse, ndi zidutswa ziwiri kapena zitatu za thaulo lakale zofanana nazo. Kokolekera kapangeni ndi kamzere ka masentimita 12 ndi 4: pindani m'mphepete monse muwiri kulowa pakati, mupindenso, sokani. Sanjani motere: mathaulo pansi, nsalu yoyamba kumaso kumwamba, kokolekera kopindidwa pafupi ndi kona miyendo yake ili m'mphepete ndipo mutu ukuloza pakati, pomaliza nsalu yachiwiri kumaso pansi. Sokani kuzungulira, musiye mpata wa masentimita 9. Dulani thaulo lotsalira kunja kwa msoko kuti m'mphepete musachindikale, tembenuzani podutsa pakati pa nsalu ziwirizo, sitani, sokani kuzungulira pamwamba kutseka mpata. Kenako dutsitsani mizere yotalikirana masentimita 3 kapena 4 kuti thaulo lisamasunthe pochapa.

Pa makulidwe otere singano ya nambala 80 imavutika. Ikani ya 90 kapena 100, ndipo talikitsani msoko kufika mamilimita 3. Mukamaliza, yesani nokha pa chinthu chotentha musanapereke. Kutentha kukafika ku zala msanga, chotsatira chikhale ndi thaulo lina loonjezera. Ndipo mumuuze wolandirayo kuti chikanyowa asachigwiritse ntchito, popeza madzi amadutsitsa kutentha mofulumira.

Tating'ono tothamanga

Chomangira tsitsi chimafuna nsalu ya masentimita 50 ndi 10, ndi lasitiki wopyapyala wa masentimita 20. Pindani m'litali kumaso ndi kumaso, sokani, tembenuzani, lowetsani lasitiki, mangani mapeto ake mwamphamvu, lowetsani mapeto amodzi a nsalu m'kati mwa enawo, tsekani ndi manja. Nsalu zoterera ndi zonyezimira zimene zakana ntchito zina zonse zimakongola kwambiri pano.

Kwa mnzanu amene naye amasoka, pangani kapilo kobayapo masingano. Dulani nsalu ziwiri zozungulira za masentimita 14 kuchokera mbali ina kufika ina, sokani ndi msoko waufupi wa mamilimita 2 kuti zam'kati zisatulukire, siyani kampata. Dulanidulani m'mphepete mozungulira osafika pa ulusi, kuti pogubuduka pagone bwino. Tembenuzani, dzazani ndi tinyenyeswa tija mutatiduladula, kanikizani mpaka kalimbe. Mukatseka, tengani ulusi wokhuthala, bowolani pakati, zungulirani kunja, bowolaninso pakati pomwepo n'kukoka, kasanu ndi kamodzi kapena kasanu ndi katatu, kuti kagawike tizigawo. Pakati sokererani batani lija losowa mnzake.

Nsalu ya felt, ija yochindikala yopangidwa popanikiza ubweya pamodzi, siyoyoka, choncho sifuna kupinda kapena kutembenuza. Jambulani nyenyezi, mtima kapena mbalame pa chikatoni, dulani ziwiriziwiri, lumikizani ndi ulusi wa mtundu wooneka, ikani zam'kati pang'ono ndi kariboni kokolekera. Ana aakulupo angathandize ntchito imeneyi. Kamzere kolumikiza ka masentimita 5 ndi 18, kokhala ndi nsalu yolimba kuseri, ndi chizindikiro cha m'buku.

Ngati mphatso ndi ya mwana

Kwa mwana wosakwana zaka 3, musaike batani, mkanda, belu kapena chilichonse chimene chingathothoke n'kulowa m'kamwa. Ngakhale mutasokerera molimba bwanji, mano a mwana amagonjetsa ulusi. Maso ndi pakamwa pa chidole muzipete ndi ulusi. Zingwe ndi maliboni aatali asapezeke pa chinthu cha khanda chifukwa angakulunge khosi kapena chala, choncho kathumba kokoka kaja si ka msinkhu umenewu. Misoko ya chidole muidutse kawiri, ndipo mukamaliza ikokeni mwamphamvu monga mwana angachitire.

Opanda makina

Zonse zimene ndafotokozazi zimatheka ndi singano ya pamanja, kungoti zimafuna kudekha. Dulani ulusi wosapitirira masentimita 50, wautali umapotana n'kumanga mfundo. Jambulani mzere ndi choko kapena kachidutswa ka sopo wouma kuti dzanja likhale ndi chotsatira.

Pa misoko yonyamula katundu gwiritsani ntchito msoko wobwerera m'mbuyo: singano itulukire kutsogolo pang'ono, ibwerere kukalowa pamene msoko wapitawo unathera, itulukirenso kutsogolo. Ukakhala waufupi umalimba pafupifupi ngati wa makina. Potseka mpata, tolani pang'ono m'kati mwa mpindiro wa mbali iyi, kenako wa mbali inayo moyang'anizana, mosinthanasinthana, ndipo mukakoka ulusi umabisika. Msoko wamba wolowa n'kutuluka ndi wokongoletsera. Ku Bengal, m'dziko la Bangladesh ndi kum'mawa kwa India, amayi amasanja zovala zakale n'kuzilumikiza ndi msoko womwewu m'mizere yothinana, ntchito yotchedwa kantha. Mizere ingapo yotero ya ulusi woyera pa kachikwama ka jinzi imakasintha kotheratu.

Kumaliza ndi kupereka

Gwirani ntchito m'magulu. Tsiku lina likhale lodula zonse, lina losoka zipi zonse, lina lotembenuza ndi kutseka. Mukatero simusinthasintha ulusi ndi phazi la makina, ndipo ulusi wotuwa umagwirizana ndi mitundu yambiri moti mungalumikizire tizidutswa tonse osausintha. Singano ya makina ikayamba kugogoda kapena kudumpha misoko, yabuntha, ikani ina. Yambani masabata angapo tsiku lisanafike, ndipo muyambe ndi mphatso zovuta. Kuthamanga si kufika, ndipo zipi yosokedwa usiku womaliza imaonekera.

Chilichonse chikatha, chiyendereni ndi maso ndi zala. Dulani timaulusi tonse tolendewera, kunja ndi m'kati. Pukutani choko. Fufuzani ndi dzanja ngati simunatsale pini, makamaka m'zinthu zodzazidwa. Tsegulani ndi kutseka zipi kangapo, kokani zingwe, lowetsani dzanja m'makona. Sitani komaliza kudzera pa kansalu koyera kuti simbi isasiye chizindikiro.

Pa mphatso iliyonse mangirirani kapepala kolimba kolembapo dzina la wolandira ndi kasamalidwe kake: kuchapa pamanja m'madzi ozizira, kuyanika pamthunzi, kusita chakuseri ngati pali mikanda kapena zopeta. Ngati m'katimo muli nsalu imene wolandirayo angaizindikire, monga ya malaya a bambo ake kapena diresi limene ankavala ali mwana, lembani zimenezo pa kapepalako. Koma nsalu yotere pemphani kaye kwa eni ake musanaiike sizasi.